Gitala ija ikubwera Loweruka

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Salimako, iwe, mayi a ana ndi adzukulu angawo. Kuno tadzuka bwino, kungoti bondo la mayi ako likuvutabe kukazizira.

Gitala unapempha ija ndawapatsira amalume ako, afika nayo Loweruka. Ndaikulunga m'bulangete ndipo nsambo ndazimasulako pang'ono chifukwa cha mabampu a pamsewu. Mayi ako anandifunsa kawiri ngati ndatsimikizadi kuipereka. Ndatsimikiza. Zala zanga zayamba kuuma, ndipo zimandiwawa mumtima kuiona itangokolekedwa pakhoma ikudya fumbi.

Ukaimasula usathamangire kuimba. Yamba waichuna. Nsambo zilipo zisanu ndi imodzi, kuyambira yonenepa ya pamwamba kutsika mpaka yowonda: E, A, D, G, B, E. Ndikudziwa kuti foni yako ikhoza kukuchunira, ndipo sindikukuletsa, koma phunzitsanso khutu. Dina nsambo yonenepa pa danga lachisanu la pakati pa tizitsulo ta pakhosi pa gitala, uilize, kenaka uliza yotsatira osaidina. Mawu ake azifanana. Uchite chimodzimodzi kutsika nazo, kupatula pa G, pamene udine danga lachinayi kuti upeze B. Tsiku lina udzaitanidwa kukaimba pamaliro kumudzi foni itathera moto, ndipo khutu lokhalo ndi limene lidzakuthandize.

Masabata oyamba zala zidzawawa. Nsonga zake zidzafiira, mwina kutuluka matuza, ndipo ambiri amasiyira pomwepa nkumati alibe luso. Si nkhani ya luso imeneyo, ndi khungu chabe, ndipo pakatha mwezi limalimba. Imba mphindi 20 tsiku lililonse ukaweruka, kusiyana ndi kudzizunza maola atatu Lamlungu lokha. Wenga zikhadabo za kumanzere. Gwira makiyi a G, C ndi D, ndiko kudina nsambo zingapo pamodzi, mpaka dzanja lizisintha lokha iwe ukucheza ndi munthu. Ndi atatu amenewa ukhoza kuperekeza nyimbo zambiri za kutchalitchi. F akudikire kaye, amagwetsa ulesi munthu akamuyamba msanga.

Koma chimene ndikufuna umvetsetse kwambiri ndi dzanja lamanja. Achinyamata ambiri ndimawaona maso ali pa zala za kumanzere, kwinaku akukwapula nsambo zonse pamodzi ngati akupuntha mapira. Ife tinakula tikumvera Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene anatisiya mu 1987. Ukamamumva pa wailesi ya MBC unkayesa akuimba anthu awiri, chonsecho ndi munthu mmodzi: chala chachikulu chikuyendetsa besi pa nsambo zonenepa, chamkombaphala chikutola nyimbo pa zowonda. Ine ndinatha miyezi ndikungoyeserera chala chachikulu chokha, phazi likuponda pansi, mpaka agogo ako anandithamangitsira kuseri kwa nkhokwe. Uchite zomwezo. Chala chachikulu chikakhazikika, anthu amavina ngakhale ukudziwa makiyi awiri okha. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, sanayang'anepo pamene zala zake zikugwa pa banjo, koma Malawi yense ankamumvera. Nthawi zina uzizimitsa nyale n'kuimba mumdima, udzaona mmene khutu limatsegukira.

Tsono za kasamalidwe, pakuti apa ndi pamene ndinalakwitsapo ndipo sindifuna ubwereze. Iyi ndi gitala yanga yachiwiri. Yoyamba inali ya nsambo za nayiloni, ndipo itaduka imodzi ndinagula zachitsulo poti zinali zotchipa ndiponso zimalira kwambiri. Sindinkadziwa kuti zachitsulo zimakoka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Usiku wina tili mtulo tinangomva phokoso ngati wina waswa mpando. M'mawa ndinapeza kathabwa kogwira nsambo pamimba kaja katazuka, katatenga ndi nyama ya thabwa. Ndinalira, ndili bambo wa ana awiri kale. Ikubwerayi inapangidwira zachitsulo, choncho uzigula zachitsulo, makamaka zopyapyala, ndipo posintha uzichotsa imodziimodzi. Usadzayerekeze kuikamo waya wa mabuleki a njinga. Ameneyo tinkamangira magitala a zigubu tili ana, ndipo kumeneko amagwira ntchito, koma pa iyi adzakudyera tizitsulo ta pakhosi.

Salima ndi kotentha, ndipo kufupi ndi nyanja chinyezi sichichoka. Thabwa limamva zonsezo. Dzuwa la Okutobala limafewetsa guluu, ndiye usaisiye m'galimoto yotseka mawindo, pawindo, kapena kufupi ndi mbaula. Nthawi ya dzinja usaitsamiritse kukhoma lonyowa, khosi limapindika pang'onopang'ono mpaka nsambo kutalikirana nalo, kudina kwake n'kukhala chintchito. Ukamaliza kuimba pukuta nsambo ndi kansalu kouma, pansi pake pomwe, chifukwa thukuta ndi limene limabweretsa dzimbiri. Kansalu kanga ndakaika m'thumba momwemo. Mafuta ophikira kapena polishi wa nsapato asayandikire. Nthawi ndi nthawi uziigwedeza chozondotsa, mphemvu zimakonda kumanga mudzi m'katimo.

Anzako adzabwera kudzabwereka. Wofuna kuimba aimbire pakhomo pako, pamaso pako. Koma adzukulu anga usawakalipire akaigwira. Akhazike pamphasa, uwaike gitala pamiyendo, alize nsambo imodzi mpaka atope. Iwenso unayamba choncho uli ndi zaka zinayi, ndipo kachipsera kali m'munsi mwa bowo unakapanga ndiwe ndi supuni. Sindinakafute dala.

Pa Khirisimasi mukamabwera usaisiye. Mayi ako akuti akufuna udzawaimbire nyimbo ija tinkaimba pokolola, ine ndidzathira besi ndi pakamwa. Moni kwa onse, ndipo amalume ako akafika undiimbire foni ndimve kuti yafika yosasweka.

Ndine bambo ako.