Kuchita wekha sevisi ya galimoto yodula sikuumira ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imandisowetsa mtendere anthu okonda magalimoto akakumana n'kuyamba kucheza. Pali maganizo amene afala kwambiri akuti munthu amene wagula galimoto yodula ngati Mercedes-Benz, BMW, Audi, Lexus kaya Range Rover sakuyenera olo kutsegula boneti, akuti zimenezo n'za kwa dila basi, ndipo ukangopezeka wagona pansi pa galimoto yako ukusintha oyilo anthu amayamba kunong'onezana kuti ndiwe woumira, unagula chinthu choti sungathe kuchisamala. Ine zimenezi ndikukana ndi mtima wanga wonse. Sevisi ya nthawi ndi nthawi ija yolembedwa m'buku la galimoto mwini wake atha kuichita yekha pakhomo, ndipo nthawi zambiri amaichita modekha kuposa munthu amene ali ndi magalimoto ambirimbiri pamzere akumudikira. Chimene ndikupempha n'chakuti amene wasankha njira imeneyi achite zinthu monga mmene buku likunenera, osati zongoganizira.

Tiyambe n'kufunsa kuti kodi sevisi imeneyi muli chani kwenikweni, chifukwa dzina lokha limaopsa anthu. A Mercedes ali ndi zomwe amati Service A ndi Service B, zimabwera mosinthana pafupifupi chaka ndi chaka. Service A mtima wake ndi kusintha oyilo wa injini ndi fyuluta yake, kuona madzi ndi mafuta ena onse ngati ali pamlingo, mpweya wa matayala, kuyang'ana mabuleki kenako kufufuta uthenga wa padashibodi. Service B ndi zomwezo kungowonjezera fyuluta ya mpweya wa mkati mokhala anthu ndi mafuta a mabuleki. A BMW awo amati Condition Based Service, galimoto imadziwerengera yokha potengera mayendetsedwe anu n'kukuuzani kuti chakuti chatsala makilomita mwakuti. Nde tandiuzani, pamenepa chovuta kwambiri n'chiti choti munthu wamanja ake awiri ndi maso ake sangachite?

Pomwe anthu ambiri amagwera ndi pa oyilo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Munthu amangoona pachigubu palembedwa 5W-30 basi wanyamula, akuti sinanga ndi sinthetiki. Ayi ndithu. Manambala amenewo amangonena kulimba kapena kupyapyala kwa oyilo kukazizira ndi kukatentha, koma magalimoto awawa amafunanso chilolezo cha amene anapanga injiniyo, ndipo chimalembedwa kumbuyo kwa chigubu timalemba ting'onoting'ono. Pa Mercedes mupeza manambala ngati MB 229.5 kapena MB 229.51, pa BMW mupeza Longlife-01 kapena Longlife-04, pa Audi zambiri zimafuna VW 504 00 kapena 507 00. Kusiyana kwake sikwamasewera. Galimoto ya dizilo yamakono ili ndi sefa mupaipi ya utsi, ija amati DPF, imene imagwira mwaye, nde mukathira oyilo wosiya phulusa lambiri akapsa phulusalo limakakhazikika musefamo ndipo silipsanso, mapeto ake sefa yatsekeka, galimoto yafooka, nyali zayaka padashibodi, ndipo ndalama yomwe mumati mwapulumutsa ija yapita kangapo konse. N'chifukwa chake 229.51 ndi Longlife-04 zinapangidwa kuti zikhale za phulusa lochepa. Tsegulani buku, onani nambala yomwe injini yanu ikufuna, mukagule yomweyo. Ndipotu apa ndi pomwe kuchita wekha kumapambana, chifukwa chigubu mwachigwira nokha, mwawerenga nokha, mwamatula nokha chidindo chake, palibe zoti mwina athira wa mumgolo wosadziwika.

Fyuluta ya oyilo pa magalimoto ambiri a ku Germany siija yachitini yongopotokola ayi, ndi kapepala kopindapinda kokhala mkati mwa chivindikiro chapulasitiki pamwamba pa injini. Mukatsegula bokosi la fyuluta yatsopano mupezamo timphira tozungulira, kakakulu ka pachivindikiro ndipo pena tina tating'ono ta kunsonga. Timeneti sitokongoletsa bokosi. Chotsani takale, samalani musakande pulasitiki ndi sikuludiraiva, pakani katsopanoko oyilo pang'ono ndi chala kuti katerere, kalowetseni mumzere wake weniweni osati mumazinga, kenako mangani chivindikiro ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira. Pa zambiri nambala yake inadindidwa pachivindikiro pomwepo, 25 Nm, ndipo mukamanga mudzadabwa kuti si mphamvu yambiri, sipanala imangoti thee basi mwamaliza. Anthu amene amamanga ndi mphamvu zonse za m'mapewa ndi amene amang'alula zivindikiro ndi kudya mazinga a bawuti yotulutsira oyilo pansi, makamaka poti sampu zambiri, beseni lija losunga oyilo pansi pa injini, ndi za aluminiyamu, chitsulo chofewa. Kawasha ka pabawutiyo nakonso n'kogwiritsa ntchito kamodzi, kamaphwanyika dala kuti katseke bwino, mukabwezera kakale muyembekezere timadontho pansi m'mawa. Ngati pali chida chimodzi chomwe ndinganene kuti musayambe ntchito musanagule ndi torque wrench imeneyi, kenako masipanala a Torx poti mabawuti ambiri m'magalimoto awawa mitu yake ndi yanyenyezi.

Chinthu china chimene chimandiwawa, opanga magalimoto ambiri anachotsa kandodo koyezera oyilo kaja, m'malo mwake anaika sensa ndipo mlingo umaonera pasikirini. Kunena zoona ine ndimaona ngati kumeneku n'kumuchotsa mwini galimoto pafupi ndi injini yake. Komabe sizoletsa ntchito. Buku limanena malita amene injini imalowa, thirani ochepera pang'ono, lizani injini itenthe galimoto ili pamalo osapendekeka, yezani pasikirini kenako muziwonjezera pang'onopang'ono. Kudzazitsa n'koipa ngati kuchepetsa komwe, oyilo akachuluka amachita thovu ndipo amakankha masili.

Tsopano za kukweza galimoto, apa ndiye ndikupempha ndi manja awiri. Jeke ija imabwera ndi galimoto ntchito yake n'kusintha tayala panjira basi, osati kuti munthu alowe pansi. Magalimoto awawa ndi olemera, ambiri amafika matani awiri ena kupitirira, jeke ikangofwephera kapena kuterereka palibe kuthawa. Gulani masitandi achitsulo olimba, ikani pamalo amene opanga anakonza, pansi pa galimoto pamakhala timapilo tamphira kapena tapulasitiki tosonyeza pogwira, tsekerani matayala otsala pansi, ndipo pansi pake pakhale simenti yolimba osati dothi. Musanalowe igwedezeni kaye ndi manja muone ngati yakhazikika. Amene galimoto zawo zili ndi sasipenshoni ya mpweya awerenge kaye buku, chifukwa zina zimayesa kudziwongola zokha zikamva kuti mbali ina yakwera, ndipo zimafuna uziuze kaye kuti ukuzikweza. Amene sakufuna zogona pansi, pa injini zomwe zikadali ndi paipi ya kandodo koyezera pali pampu yokoka oyilo kuchokera pamwamba, imagwira bwino ntchito oyilo akakhala wofunda.

Anthu amati nanga kompyuta? Eya, kompyuta ilipo, koma sichilombo. Pansi pa chiwongolero pali kabowo ka mapini 16 kotchedwa OBD, ku America kanakhala kokakamiza pa magalimoto kuyambira 1996 ndipo mayiko a ku Ulaya anatsatira pambuyo pake. Masiku ano pali timakina tolumikiza pamenepo tomwe timayankhulana ndi foni, bola musankhe kodziwa mtundu wa galimoto yanu chifukwa tina timangowerenga za injini zokha. Uthenga wa sevisi pa magalimoto ambiri umafufutika ndi mabatani a pachiwongolero kapena padashibodi popanda makina alionse. Koma pali ntchito ziwiri zomwe kompyuta siyozemba. Yoyamba batire. Pa BMW zambiri ndi magalimoto ena otere, mukaika batire latsopano mumayenera kulilembetsa mukompyuta ya galimoto, chifukwa galimotoyo imatchaja batire molingana ndi ukalamba wake, nde ikapanda kuuzidwa imapitiriza kutchaja latsopanolo ngati lakale lija n'kulifupikitsa moyo, komanso ngati munali batire la mtundu wotchedwa AGM mubwezeremo la mtundu womwewo. Yachiwiri mabuleki akumbuyo pa galimoto ya handibuleki yabatani. Muli kamota kamagetsi kamene kamakankha pisitoni, mukangoikankha mokakamiza ngati mmene timachitira pa magalimoto akale mwathyola kamotako. Pamafunika kuika kaye mabulekiwo pa service mode kuti kamota kabwerere kokha, mukamaliza n'kuwabwezeretsa. Ndipo musaiwale kawaya ka sensa ya mapadi, kakadyeka kamafuna katsopano apo ayi nyali siizima.

Mafuta a mabuleki anthu amawaiwala chifukwa saoneka ngati atha. Opanga ambiri amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse olo galimoto ikhale yongoima, chifukwa mafuta a DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya, madziwo akachuluka mafuta amawira msanga mabuleki akatentha potsika chitunda chachitali, pedulo n'kungolowa pansi osagwira kanthu. Ntchitoyi ndi yotheka pakhomo koma imafuna kudekha, kathanki kapamwamba kasaume olo pang'ono, mpweya ukalowa mpaka mu ABS, makina aja oletsa matayala kutsekeka mukaponda mabuleki mwamphamvu, ndiye kuutulutsa kumafunanso makina. Amene akukayika manja ake pa ntchito imeneyi apereke kwa makaniko wodziwa, palibe manyazi, mabuleki anyamula moyo wanu ndi wa anthu ena pamsewu.

Fyuluta ya mpweya wa injini ndi ya mkati zija n'zosachedwetsa, mphindi zochepa mwamaliza, mungoona kamuvi kosonyeza kolowera mpweya. Mawaipa, mababu ena, madzi otsukira galasi, AdBlue (madzi ochepetsa mpweya woipa wa mu utsi) pa za dizilo, zonsezi sizofunika kupangana tsiku ndi munthu. Madzi oziziritsa injini musasakanize mitundu, ndipo osatsegula kathanki kake injini ili yotentha.

Giyabokosi nayo ili ndi nkhani yake. Eni magalimoto ambiri anauzidwa kuti oyilo wa giyabokosi ya otomatiki ndi wamoyo wonse, sasinthidwa. Koma kampani ya ZF, imene imapanga magiyabokosi a magiya 8 opezeka mu BMW, Jaguar, Land Rover ndi Audi zina, payokha imalangiza kuti oyiloyo azisinthidwa galimoto ikayenda mtunda wautali. Ine ndimamvera amene anapanga giyabokosiyo. Kungoti ntchito yake si ya woyamba kumene, fyuluta inamatidwa kumodzi ndi sampu yake nde mumasintha zonse, ndipo mlingo umayezedwa injini ikulira, galimoto ili yowongoka m'mwamba, oyilo ali pa kutentha kwake koyenera komwe mumawerenga pamakina. Muyambe ndi zing'onozing'ono, izi mudzazipeza manja atazolowera.

Funso lalikulu lomwe limabwera ndi la waranti, ndipo ndi funso labwino. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America kuli lamulo la 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act lomwe limaletsa kampani kukana waranti chabe chifukwa sevisi sinachitikire kwa dila wawo, pokhapokha ntchito yanuyo kapena chipangizo chomwe munaika ndi chimene chawononga. Kwina zinthu sizili choncho, nde werengani pepala lanu la waranti musanagwire sipanala, ndipo ngati galimoto ikadali yatsopano ndipo munalipiriratu masevisi pogula, apatseni achite, ndi ufulu wanu umenewo. Koma kunena chilungamo anthu ambiri amene ali ndi magalimoto awawa anagula ogwiritsidwa kale ntchito, waranti inatha kalekale, ndipo ndi amenewa amene amadumphitsa sevisi poopa bilu, galimoto n'kumayenda ndi oyilo wakuda bii kwa zaka. Kodi chabwino n'chiti, kudumphitsa kapena kuchita wekha munthawi yake ndi zipangizo zoyenera? Chofunika musunge umboni. Malisiti a oyilo ndi mafyuluta, kabuku kolemba tsiku ndi makilomita, chithunzi cha dashibodi ndi cha chigubu pafoni. Magalimoto ambiri atsopano buku lawo la sevisi lili pakompyuta ya kampani ndipo mwini wake sangalembemo yekha, nde faelo yanuyo ndi imene idzakuyankhulireni tsiku logulitsa. Ine wogula atandionetsa faelo yodzadza bwino chonchi ndingamukhulupirire kuposa wongonena pakamwa kuti imapita ku sevisi.

Malire alipo ndipo ndiwanene mosabisa. Mawaya a mtundu wa olenji pa galimoto ya hybrid kapena yamagetsi amanyamula mphamvu yoti itha kupha munthu pompo, musawakhudze. Ma airbag, gasi wa eyakoni, tcheni cha taimingi, kukonzanso makamera ndi masensa othandiza kuyendetsa mukasintha galasi lakutsogolo, izi zisiyireni anthu amene anaphunzira ndipo ali ndi zida zake. Oyilo wakutha musathire pansi kapena mungalande, amawononga madzi ndi nthaka, mubwezereni m'zigubu zomwe mwakhuthula zija mukapereke kumalo olandira oyilo wakale, batire lakale chimodzimodzi.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti pa tsamba la zamagalimoto muzitipatsako malo oti amakaniko odziwa magalimoto amenewa azifotokoza ntchito imodziimodzi m'Chichewa chomveka, ndi zithunzi zake, kuyambira pa kawerengedwe ka manambala a kumbuyo kwa chigubu cha oyilo. Mabuku a magalimotowa amabwera m'zilankhulo zina ndipo ambiri amangowasiya mu kabati ya padashibodi osawatsegula, pomwe zambiri mwa zomwe ndanena apazi zili momwemo.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika