Odwala fistula ya kumatako muziwafunsa za moyo wawo, osati bala lokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko nkhani imene anthu amaithawa chifukwa cha manyazi. Fistula imene timaimva pawailesi ndi ya amayi ovulala pobereka, ali ndi malo awo ku Bwaila ku Lilongwe ndipo nzabwino, koma iliponso ina yogwira amuna ndi akazi omwe. Kanjira kamabooka kuchokera mkati mwa njira ya chimbudzi nkudzatulukira pakhungu pafupi ndi kotulukira. Kawirikawiri imayamba ngati chithupsa, chikaphulika munthu amati ndachira, koma kabowo katsala, mafinya akungodontha miyezi ndi miyezi. Ambiri kuno amangoti ndi mudzi nkumamwa zitsamba, pomwe si mudzi ayi.

Achimwene anga ndi akabaza pa Boma pano, anawachita opaleshoni, zinabwerera, anawachitanso. Ulendo womalizawu bala linapola bwinobwino, adokotala anayang'ana nkuti zatheka pitani. Zatheka zoona, koma palibe anawafunsa kuti kodi mpweya mukutha kuugwira? Kabudula akumakhala wouma? Pachishalo mukukhalapo? Iwonso sakananena okha, mwamuna wamkulu auze nesi wamsinkhu wa mwana wake kuti ndikumadziipitsira pang'ono, eee ayi.

Vuto lagona pa mnofu wozungulira pakhomo paja, umene umatseka chimbudzi ndi mpweya. Kanjirako kamadutsa mu mnofu umenewu, ndiye njira yodziwika kwambiri ndi kukang'amba kuti kapole kuchokera pansi, ndipo kakakhala kosazama zimayenda bwino. Koma kakakhala kozama kapena munthu akamang'ambidwa mobwerezabwereza mnofu uja umafooka, zipsera zimachuluka, mphamvu yogwira imachepa. Nchifukwa chake madokotala ena amaika kaulusi kotchedwa seton kuti mafinya azituluka osadula mnofu, kamakhala masabata kapena miyezi, ndipo ku Thailand mu 2007 anatulukira njira ya LIFT yomanga kanjirako pakati pa minofu. Sindikuti chipatala chilichonse chingathe zonsezi, koma wodwala adziwe asanagone pa tebulo kuti chimene angataye nchiyani, asankhe akudziwa, asangosainitsidwa pepala basi.

Ndiye kubwerera kwakeko sikuti ndi ufiti monga apongozi ena amanenera. Mwina khomo lamkati silinapezeke, mwina kanjirako kali ndi nthambi, kapena pansi pake pali TB, HIV, kaya matenda a m'matumbo a Crohn's. Munthu akabwera kachiwiri ndi vuto lomwelo bwanji osamuyeza zimenezi kaye, kapena kumutumiza ku Zomba Central kaya ku Queens kwa akatswiri?

Za moyo wa tsiku ndi tsiku ndi zimene zimandiwawa kwambiri. Kutentha kwa Mangochi mu Okutobala mumakudziwa, thukuta pa chipsera, kuyabwa, kafungo kamene mwina anthu sakukamva koma mwiniwake akungoona ngati minibasi yonse yamuzindikira. Ntchito yathu kuno ndi njinga, bwato, kukhala pansi pamsika kugulitsa usipa, zonse nzokhalira pomwepo pali vutopo. Kubanja nako mwamuna amayamba kugona chakumbali, mkazi nkumaganiza kuti pali wina. Ndipo kwa ife Asilamu mpweya ukatuluka wuzu (kusamba kodziyeretsa tisanaswali) waonongeka, achimwene anasiya kupita ku Ijumaa poopa kutuluka pamzere anthu akuona. Chonsecho chipembedzo chili ndi chilolezo cha odwala osatha kudzigwira, amapanga wuzu pa nthawi ya swala iliyonse nkuswali ngakhale zikutuluka. Mashehe athu izi mumazidziwa, zineneni pagulu kuti munthu asachite kubwera yekha kudzafunsa.

A zaumoyo, pa cheki muzimutengera wodwala pambali nkumufunsa mafunsowa inuyo. Muuzeni zokhala m'beseni la madzi ofunda akachoka kuchimbudzi, zamgaiwa, masamba, mapapaya ndi madzi ambiri kuti chimbudzi chisalimbe, zolimbitsa mnofu uja pomaufinya ngati ukugwira mkodzo. Ndipo wa ku Makanjira kapena Namwera amene sangakwanitse thiransipoti yobwera pafupipafupi, mulembereni bwino m'buku lake kuti akamutsuke bala kuhelofu senta yakwawo, ndi zizindikiro zoti akaziona abwerere msanga, kutupa, kutentha thupi, mafinya kuyambiranso.

Wokhudzidwa,
Mangochi Boma