Amayi, ndikulemba ndili m'minda ya tiyi ku Munnar

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kwathu ku Thyolo. Ine ndili bwino, ndipo kalatayi ndikulemba ndili ku India. Sukulu zitatsekera mu Julayi, nyengo imene ku Dubai kumatentha kupitirira madigiri 40, mabwana anga ananditenga kuti ndizisamalira ana pa tchuthi kwawo ku Kerala. Titacheza ndi abale awo ku Kochi, tinayenda pagalimoto maola pafupifupi anayi mumsewu wokhotakhota mpaka kufika ku Munnar, tauni ya m'mapiri ya m'boma la Idukki.

Tauniyi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo kale azungu a ku Britain ankathawirako kutentha kwa kuchigwa. Panopa ndi nthawi ya mvula, choncho nkhungu imakuta mapiri m'mawa uliwonse ngati chiperoni cha kwathu, moti ana amene sanazolowere juzi akugona atafunda mabulangete awiri. Nkhungu ikayera, kulikonse kumene maso angafike kumakhala tiyi wodulidwa mofanana pamwamba, wokwera ndi kutsika motsatira zitunda. Tinapita kumalo osungira nyama a Eravikulam, kumene tinaona mbuzi zam'tchire zotchedwa Nilgiri tahr zikudya msipu pafupi ndi njira, m'munsi mwa phiri la Anamudi lotalika mamita 2,695.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi amayi othyola tiyi. Alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule zithunzi za minda, pamene ine maso anga amathamangira kwa amayiwo, chifukwa ndinakula ndi ndalama ya ntchito imeneyi. Amamanga pulasitiki m'chiuno kuti mame ndi timitengo zisawanyowetse kapena kuwang'ambira zovala, ndipo ambiri amadula masamba ndi sizasi yaikulu yomangirira kabokosi, kusiyana ndi inu amene munkathyola ndi zala masamba awiri ndi kamphukira. Kabokosi kakadzaza amakhuthulira m'thumba, kenako amasenza kupita nalo kusikelo, kapitawo akulemba makilogalamu. Mmodzi, msinkhu wake ngati wanu, anandionetsa zikhatho zake zolimba, nane ndinamuonetsa chithunzi chanu pafoni n'kumulozera mundawo, ndipo tinamvana ngakhale iye amalankhula Chitamil.

Makolo a anthuwa anabwera kuchokera ku Tamil Nadu m'nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero mabanja ambiri amakhala m'nyumba za mizere za paesiteti. Mu Seputembala 2015 amayiwa, masauzande angapo, anasiya ntchito n'kukhala pansi pamsewu wa mu Munnar masiku 9 pofuna bonasi ndi malipiro abwino. Anakana kuti atsogoleri aamuna a mabungwe a antchito awalankhulire, anadzitcha okha Pembilai Orumai, kutanthauza umodzi wa amayi, ndipo bonasi imene ankafuna anaipeza. Nkhaniyi yandikhudza kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti mayi amene akudalira tikiti ya mwezi sasiya ntchito mwachibwana. Moyo wawo ulinso ndi zoopsa: mu Ogasiti 2020 phiri linagumuka usiku pa Pettimudi, kufupi ndi Munnar, n'kukwirira nyumba za antchito, ndipo anthu oposa 60 anamwalira. N'chifukwa chake mvula ikalimba usiku ine tulo sindiona, ndimaganizira amene agona m'munsi mwa zitunda.

Amayi, mwakhala zaka zambiri pakati pa tiyi, koma simunapezepo tsiku lokhala pansi n'kumuyang'ana muli opuma, wina akukuwiritsirani madzi. Ndayamba kusunga ndalama yapadera kuti ndikabwera pa tchuthi changa tidzapite ku Mulanje, tikagone masiku awiri pamalo ogona alendo pafupi ndi Likhubula, inuyo osagwira kanthu. Chonde musadzakane ponena kuti ndi kuwononga ndalama. Muwauze amalume kuti ayambe kufunsa mitengo ya zipinda, ndipo andiyankhe pa WhatsApp ndisanabwerere ku Dubai kumapeto kwa Ogasiti.

Moni kwa achimwene, alamu ndi ana onse.

Ndatha ine mwana wanu.