Asanu ndi mmodzi: mmodziyo ndi Lois Smoky

Akonzi,

Ndithokoze chifukwa cha nkhani ija munalemba pa tsamba la zaluso yonena za akatswiri ojambula a mtundu wa Kiowa, eni nthaka a ku Oklahoma m'dziko la America. Ndinaiwerenga mpaka kumapeto. Koma pamodzi pokha pandikhala pakhosi. Mlembi wanu anawatcha "Kiowa Five" ndipo anatchula amuna okhaokha: Spencer Asah, James Auchiah, Jack Hokeah, Stephen Mopope ndi Monroe Tsatoke. Sindikumuimba mlandu, dzinali lakhala m'mabuku zaka zambiri. Komatu Chichewa chathu chimaiwerenga bwino nkhaniyi: anali asanu ndi mmodzi. Mmodziyo ndi Lois Smoky, mkazi yekhayo pagululo.

Lois anabadwa mu 1907 kufupi ndi tauni ya Anadarko, ndipo kwawo ankamutcha Bougetah, dzina lokhudza mbandakucha. Amene anaona luso la achinyamatawa ndi Susie Peters, mayi wogwira ntchito ya boma pakati pa Akiowa. Iye ndiye anawalumikiza ndi Oscar Jacobson, mkulu wa sukulu ya zaluso pa University of Oklahoma ku Norman. Jacobson anawapatsa malo ndi zipangizo, osawalemba ngati ophunzira wamba. Lois anali kumeneko mu 1927, ndipo masiku amenewo mtsikana sakanangoti tsalani bwino n'kukakhala yekha m'tauni ya eni. Makolo ake anachita lendi nyumba ku Norman, mayi ake n'kukakhala naye, anyamata aja n'kupezanso pogona m'nyumba yomweyo.

Apa ndi pamene pamandiwawa, Akonzi. Asanu oyambirira pa yunivesitiyo anali anyamata anayi ndi Lois. Auchiah anabwera pambuyo, Lois akuchoka. Dzina la "asanu" linatsala mmene linalili, koma munthu mkatimo anasinthidwa mwakachetechete, ngati mmene amachitira pa mndandanda wa olandira zinthu kumudzi.

Kuti mumvetse kulimba mtima kwa mtsikanayu, muyenera kudziwa mwambo wa kwawo. Pakati pa Akiowa ndi mitundu ina ya kuzigwa za ku America, kujambula anthu, akavalo, nkhondo ndi magule inali ntchito ya amuna. Akazi ankakongoletsa zikopa ndi mizere, timabokosi ndi timakona, komanso kusoka mikanda. Lois anatenga burashi n'kujambula anthu. Ena olemba mbiri amati anzake ena pagulupo sanakondwe nazo, ndipo ine sindidabwa.

Nanga anajambula ndani? Anyamata aja ankakonda ovina atavala nthenga, oimba ng'oma ndi ankhondo. Iye anaika maso pa amayi ndi ana. Ndinayang'anitsitsa chithunzi chake china pa intaneti, ndikuchikulitsa pafoni mpaka maso kuwawa. Kumbuyo kulibe phiri, kulibe mtambo, ngakhale mthunzi. Ndi pepala loyera basi, pakati pali mayi ndi mwana, utoto uli thyathyathya m'kati mwa mizere yoonda. Koma taonani chovalacho! Mphonje iliyonse ili pamalo pake, ndipo zokongoletsa zake mukhoza kuziwerenga ndi chala. Amene wajambula zoterezi ndi munthu wodziwa kasokedwe kake, osati wongoonera patali.

Mu 1928 zithunzi za gululi zinakaonetsedwa ku Prague, mzinda wa ku Ulaya, ndipo mu 1929 ku Nice m'dziko la France anasindikiza mpukutu wa zithunzi wotchedwa Kiowa Indian Art, momwe muli ntchito ya Lois. Dzina la Akiowa linamveka ku Ulaya Lois atabwerera kale kumudzi. Anakwatiwa, n'kutenga dzina loti Kaulaity, n'kulera ana. Anamwalira mu 1981. Zithunzi zake ndi zochepa kwambiri, n'chifukwa chake lero osonkhanitsa zaluso amachita kuzilimbirana.

Pali chiganizo chimodzi chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri ndipo ndikupemphani musadzachilembe: choti Lois "anasiya zaluso". Sanasiye. Anasiya burashi, koma anapitiriza kusoka mikanda mpaka kudziwika nayo. Aliyense amene anakhalapo pamkeka pafupi ndi agogo akutunga mikanda amadziwa kuti ntchitoyi si yamasewera: mkanda umodzi ukalowa polakwika, umamasula mzere wonse. Ngati chithunzi cha papepala chili luso chifukwa chapachikidwa m'nyumba yoonetsera zinthu ku Prague, pomwe mikanda ya munthu yemweyo, ya maso omwewo ndi zala zomwezo, tikuyitcha "ntchito zamanja za amayi", vuto lili ndi ife owerengera.

Ena adzati anakhala ku Norman kanthawi kochepa, choncho sangafanane ndi Mopope amene anajambula moyo wake wonse, mpaka pa makoma a positi ofesi ya ku Anadarko. N'zoona, sindikuti ntchito zawo n'zofanana kuchuluka. Ndikungoti analipo, ndipo analipo poyamba. Ku Oklahoma komweko ambiri tsopano amati "Kiowa Six". Ndikupempha kuti pa nkhani yanu ya pa intaneti ija mukonze dzinalo, ndipo ngati malo alipo muikepo chithunzi chimodzi cha Lois.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma, Zomba