Makungwa a mitengo angatiuze za utsi wa m'mafakitale

Akonzi,

Achewa ambiri kuno ku Harare tili ku Mbare ndi Highfield, pafupi ndi mafakitale a ku Workington, Southerton ndi Willowvale. Tikupempha a EMA (bungwe la boma loona za chilengedwe) ndi a University of Zimbabwe kuti aziyeza mtovu ndi cadmium, zitsulo zapoizoni zimene zimatha kupezeka mu utsi wa m'mafakitale, m'makungwa a jakaranda, poti khungwa limasunga fumbi la zaka zambiri.

Asankhe mitengo ya mtundu umodzi, yofanana kunenepa. Apale khungwa lakunja lokha, mamilimita 2 kapena 3, pa msinkhu wa mita 1.5 kuchokera pansi, chifukwa akapala m'munsi, dothi lothovukira ndi mvula limasokoneza zotsatira. Mpeni ukhale wosachita dzimbiri. Zopalazo aziike m'mapepala, chifukwa m'pulasitiki zimachita nkhungu. Aziumitse pa madigiri 70, azipere, kenako azisungunule mu asidi wa nitric ku labotale.

Nthawi yabwino ndi Seputembala, mvula isanatsuke fumbi. Chimene ambiri amaiwala ndi mtengo wofananitsira wa kutali ndi mafakitale ndi misewu ikuluikulu. Popanda umenewo, manambala sanena kanthu.

Zotsatirazo zifikenso kwa amayi olima ndiwo zamasamba m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi, pakuti ana athu akudya zimenezo.

Owerenga anu,
Highfield, Harare