Mitanda yofiira pamakoma athu ndi K20,400 ya anthu osauka

Kwa inu a ofesi ya mapulani ku khonsolo yathu,

Ndikulemba pa tsamba lanu lino chifukwa ku ofesi kwanu ndapita katatu, ndipo katatu konse ndabwerako chimanjamanja. Ulendo womaliza ndinabwerako nditanyozedwa. Mwina pano, poti pali maso a anthu, mundiyankha.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa kamsika ka kwathu, komanso ndine mlembi wa komiti ya buloko yathu. Mwezi wathawu, kapena kumapeto kwa winawo, kunabwera anyamata anayi atanyamula makina oyezera a miyendo itatu ndi chitini cha penti. Anayeza msewu wathu wafumbi, anakhoma zikhomo, n'kulemba mitanda yofiira pamipanda ndi pamakoma a nyumba. Mtanda wina uli pa chimbudzi cha agogo ena amasiye, wina pa mpopi umene timatungapo tonse. Titawafunsa anangoti, "Ife tangotumidwa." Amfumu sanauzidwe, a buloko lida sanauzidwe, ndipo a komiti ya chitukuko ya wodi yathu nkhaniyi anaimva kwa ife.

Msewu tikuufuna, musatinamizire kuti tikukana chitukuko. M'dzinja galimoto sililowa kwathu, mayi akayamba matenda usiku timamukankha pa wilibala mpaka pa tala. Chimene chatiopsa ndi ngalande. Mmene zikhomo zija zayendera, madzi onse a kumtunda adzathira pa nyumba za kumunsi, pamalo pomwe kale panali khwawa anthu asanamangepo. Ife okhala kumeneko tikudziwa pomwe madzi amadutsa mvula ikagwa usiku wonse, chifukwa ndife timadzuka ndi makasu ndi matumba a mchenga. Madzi saiwala khwawa. Tonse tinaona mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Kuyambira nthawi imeneyo munthu akaona ngalande yaloza pakhomo pake tulo sabwera.

Ndiye tinakhala pansi pa mtengo wa mango Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Nyumba 34 zinasonkha K600 iliyonse, yonse pamodzi K20,400. Ena anapereka ya mandasi, agogo aja anamasula pa mfundo ya chitenje. Anandituma ine kuti ndikapereke kalata yathu ndi kupempha kuona pulani ya msewuwo.

Ulendo woyamba anati abwana ali ku msonkhano kunyanja. Wachiwiri anati ndiyambe ndalipira fomu, ndinalipira K5,000, lisiti ndili nalo. Fotokope ya kalata, masiginecha ndi zithunzi za mitanda ija inadya K4,600. Minibasi inali K1,800 popita, K1,800 pobwera, maulendo atatu K10,800. Werengerani nokha, ndalama ya anthu yatha yonse mpaka kwacha yomaliza. Apo sindinaikepo beseni la tomato la K18,000 limene linandiwolera chifukwa benchi yanga inakhala yotseka.

Tsono za ulendo wachitatu, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu. Ndinafika m'mawa ofesi isanatsegulidwe. Ndinakhala pa benchi ya mukhonde mpaka dzuwa linafika pamutu, osamwa ndi madzi omwe kuopa kuti angandidutse. Anthu ovala masuti amangofika n'kulowa, ena akutuluka atanyamula mapulani awo odindidwa kale. Nditaloledwa kulowa ndinapeza mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, akudya chipisi cha m'jumbo, maso ali pa foni. Ndinapereka moni, sanayankhe. Ndinapereka kalata ndi manja awiri, anaikankha ndi chala chamafuta mpaka inathimbirira pakona. Kenako anati, "Iwe, ngakhale nditakuonetsa pulaniyo ungaiwerenge? Zimenezi ndi za mainjiniya. Nyumba zanuzo munamanga popanda chilolezo, muzingothokoza kuti sitinabwere ndi chigalimoto chogumulira." Mnzake wa pa desiki ina anaseka.

Iwe. Ine mayi wa ana asanu, wa imvi m'mutu, kunditchula iwe pamaso pa anthu. Abale anga amene mukuwerenga, tandiuzani, mayi anu atauzidwa zotere inu mukanatani? Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera, ndinakalirira kuseri kwa mpanda kuti mlonda asandione. Chimene chinandiwawa kwambiri ndi kuganiza kuti ndikanena chiyani kwa anthu 34 amene anandidalira.

Inu a khonsolo, tikamalipira chiphaso cha pamsika tsiku ndi tsiku simufunsa ngati timadziwa kuwerenga mapulani. Wotolera wanu amafika m'mawa tisanagulitse ndi mulu umodzi womwe. Misonkho ya malo ikachedwa makalata anu amadziwa njira yofikira pakhomo pathu, ngakhale mukuti tinamanga popanda chilolezo. Nanga kalata yoitana msonkhano yokha ndiye yasochera bwanji? Kuyambira 1998 takhala tikuuzidwa za mphamvu ku anthu, ndipo makomiti a m'mawodi anakhazikitsidwa kuti chitukuko chiziyambira kwa eni dera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zosungidwa m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo pulani ya msewu wodutsa pakhomo panga si chinsinsi cha boma. Ine sindine injiniya, zoona, koma pa buloko pathu pali aphunzitsi, pali amisiri omanga, pali mwana amene anatsiriza ku Poly. Atiwerengera.

Tikufuna mubwere kwathu, inu ndi injiniya wanu ndi khansala, mudzayale pulaniyo pansi pa mtengo womwe uja, amfumu alipo. Mudzatiuze kuti mitanda ija ikutanthauza chiyani, nyumba zingati zigumulidwa, chipukutamisozi chilipo kapena ayi, mpopi wathu upita kuti. Mudzayende nafe kumunsi tikuonetseni mzere wa matope umene madzi anasiya pamakoma. Mnyamata uja apepese, ndipo K5,000 ya fomu imene sinagwire ntchito ibwezedwe, chifukwa si yanga.

Ndikukupatsani masabata awiri. Mukapanda kuyankha, kalata yomweyi ndi malisiti ake ipita kwa Ombudsman, womva madandaulo a anthu pa maofesi a boma, ndi ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, ndipo ndikalankhula pa wailesi nthawi ya pulogalamu ya mafoni. Nkhope ya mnyamatayo ndikuikumbukira, khomo la ofesi yake ndikulidziwa, pano ndangosunga ulemu. Amayi a pamsika agwirizana kale kuti wotolera chiphaso akadzabwera tidzamuonetsa lisiti la K5,000 lija basi. Ndipo thirakitala yanu ikadzafika tisanakambirane, idzatipeza titakhala pamsewu ndi ana athu ndi mabeseni athu.

Musandilembere zoti nditumize nambala ku inbox. Yankhani pompano, pomwe anthu a buloko yathu akuona, mutchule tsiku ndi nthawi imene mubwere.