Pempho kwa ana athu ndi onse okumbukira nyanja ya Chilwa

Ana athu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Joni ndi kwina konse, komanso inu abale akufuna kwabwino, tikupereka moni ife a komiti ya chitukuko ya mudzi wathu kuno kumunsi kwa mtsinje wa Likangala, pamodzi ndi amfumu ndi nduna zawo.

Mjigo wa pafupi ndi sukulu unawonongeka. Mapaipi ake anadyeka ndi dzimbiri poti madzi a kuno ndi amchere, ndipo ndodo zina zinadukira pansi. Mjigo umenewu ndi womwe timathiririra nazale ya mitengo imene tinayamba ndi manja athu, ndiye pano mbande zikufota ife tikuona.

Mwina wina afunsa kuti anthu a kunyanja ayamba liti kuvutika ndi mitengo. Nyanja yathu mukuidziwa. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya, moti malo ambiri bwato timangolikankha ndi nsungwi. Ili ngati madzi a m'mbale yosiyidwa pabwalo: dzuwa la mu Okutobala ndi mphepo zimamwa tsiku ndi tsiku. Mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana, Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe sizibweretsa madzi okwanira kubwezera amene apita kumwamba. Agogo anu anaiona itauma mu 1968. Ambiri a inu munaiona nokha mu 1995. Mu 2012 inaphweranso kwambiri, ndipo mu 2018 mabwato anangokhala m'matope pa doko la Kachulu, anthu a pa chilumba cha Chisi akusowa poyenda. Kale munthu ankakula, kukwatira, kubereka ana asanaione itauma kachiwiri. Masiku ano mwana wa pulayimale waiona kale ikuthawa.

Sitingaloze mvula yokha chala, tingakhale tikunama. Mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala ametedwa ndi makala ndi nkhuni. Mvula ikagwa madzi salowanso pansi kuti azituluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Amatsika tsiku limodzi, ofiira, atanyamula dothi la m'minda ya anthu, n'kukalitaya m'nyanja. Chaka chilichonse pansi pa nyanja pakukwera. Ifenso kuno talima mpaka m'milomo ya mitsinje, tatentha njedza kuti tipeze malo a mpunga, ndipo m'chilimwe madzi ochepa otsala mu Likangala timawapatutsira m'masikimu ndi m'madimba asanafike kunyanja. Njala ndi imene imatichititsa zimenezi, koma tikuchita ndife. Namondwe wa Freddy mu 2023 anadzaza nyanja, ena n'kumati mavuto atha, koma onani mchenga umene anausiya m'mitsinje ndi magombe amene anagumuka. Pamene panali mikuyu ndi nsungwi gombe linapirira.

N'chifukwa chake tinagwirizana pabwalo la amfumu kuti tibzale mbali yathu ya mtsinje. Amfumu anapereka malo. Amayi anasenza dothi la kudambo ndi manyowa pamutu. Anyamata anamanga mpanda wa bango kuti mbuzi zisalowe, ndipo ana a sukulu anatola njere za mbawa ndi nsangu. Bungwe lina linabwera ndi galimoto, linajambula zithunzi, linalonjeza machubu, makeni othirira ndi mawilibala. Mpaka lero tikudikira. Tinachita kutola mabotolo apulasitiki ndi timapepala ta shuga pamsika, n'kumaboola pansi ndi msomali kuti tifesemo. Zinamera bwino ndithu, mukanaziona mukananyadira. Pano amayi akutunga madzi pa chitsime chokumba mumchenga wa mumtsinje, omwewo akumwa, omwewo othirira, ndipo ndowa ikafika pakhomo palibe mayi angasankhe mbande kusiya mwana. Za kolera kuno sitichita kukuuzani.

Tinasonkherana kangachepe khomo ndi khomo, ena anapereka mpunga, koma mmisiri wa mijigo ataona anati zimene tapezazo sizifika ngakhale pakati.

Ana athu, tikulankhula ndi manyazi, komabe tilankhula. Fizi ya ambiri a inu inachokera m'matemba, m'makumba ndi m'milamba ya nyanja imeneyi. Abambo anu ankagona miyezi m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, pakati pa njedza, udzudzu ukuwadya, kuti inu muvale yunifolomu. Pa maliro timakuonani, ndipo pobwerera simuiwala kathumba ka mpunga ndi matemba. Sitikukuwerengerani, ndi zanu. Koma pamene tinkasenza dothi lija, a kutauni amene anafunsako n'komwe anali owerengeka. Azungu anadziwa kufunika kwa dambo lino ndi mbalame zake mpaka linalowa m'pangano la Ramsar, la mayiko loteteza madambo, mu 1997. Kodi eni ake ndiye tikhale chete?

Tikupempha mapaipi ndi ndodo za mjigo, machubu, makeni, wilibala ngakhale imodzi, makasu, ndi mbewu ya udzu wa vetiva womanga gombe. Amene sangathe kugula katundu atumize chimene ali nacho kudzera kwa msungichuma wa komiti kapena kwa amfumu, njira mukuidziwa. Amene muli ndi anzanu ku ofesi za nkhalango kapena za madzi ku Zomba, tilankhulireniko. Mbande zikuyenera kuokeredwa mvula yoyamba ikangokhazikika, choncho mjigo ukufunika ukonzedwe mwezi uno.

Ndife anu,
A komiti ya chitukuko, m'malo mwa amfumu ndi mudzi wonse.